Kodi Blantyre ikutha, Mzuzu n'kudzaiposa? Zimene kalembera akuonetsa pa mizinda yathu inayi

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndikufuna kuika ndalama zanga za penshoni pa nyumba za lendi. Ana anga sakugwirizana. Wina akuti Blantyre inatha kale, anthu onse akukhamukira ku Lilongwe. Wina akuti mzinda umene ukukula kwambiri ndi Mzuzu ndipo posachedwa udzaposa Blantyre. Zoona ndi ziti? Nanga mizindayi idzakhala ndi anthu angati pofika 2030 kapena 2040?

Yankho: Bambo, ana anu onse awiri agwirako mbali ya choonadi, koma aliyense wasiya mbali ina yofunika. Blantyre siikutha, chiwerengero chake chikukwerabe chaka ndi chaka. Mzuzu ikuthamanga kwambiri tikayang'ana peresenti, koma mzinda umene ukulandira anthu ochuluka zedi ndi Lilongwe, ndipo kusiyana kwake si kwamasewera.

Tiyambe ndi manambala odalirika, a kalembera wa anthu ndi nyumba amene National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu September 2018. Dziko lonse linali ndi anthu 17,563,749. Mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318, mu Blantyre 800,264, mu Mzuzu 221,272, mu Zomba 105,013. Mizinda inayi pamodzi inali ndi anthu opitirira pang'ono 2.1 miliyoni, ndiye kuti anthu 12 pa 100 alionse. Tikaphatikiza matauni ang'onoang'ono ndi maboma, okhala m'tauni anali 16 pa 100. Mu 2008 anali 15, mu 1998 anali 14. Anthu ambiri amadabwa akamva zimenezi chifukwa maso amaona mizinda ikufufuma, koma midzi nayonso ikuchulukana mofulumira, n'chifukwa chake gawo la am'tauni likukwera mwapang'onopang'ono chonchi.

Pakati pa 2008 ndi 2018, Mzuzu inkakula ndi 5.4 peresenti pa chaka, Lilongwe 3.8, Zomba 2.5, Blantyre 2.0, pamene dziko lonse linkakula ndi 2.9. Apa ndi pamene mwana wanu wa Mzuzu uja waima, ndipo sakunama. Koma munthu womanga nyumba salandira lendi kwa peresenti, amalandira kwa anthu. Pa zaka khumi zimenezo Lilongwe inawonjezera anthu pafupifupi 320,000, Blantyre pafupifupi 150,000, Mzuzu 90,000 kapena kupitirirako pang'ono, Zomba anthu ongoposa 20,000. Anthu amene Lilongwe inawonjezera okhawo ndi pafupifupi ofanana ndi anthu onse a mu Mzuzu ndi mu Zomba kuwaika pamodzi. Ndipo Blantyre imene akuti yatha ija inawonjezera anthu ambiri kuposa Mzuzu, chifukwa 2 peresenti ya mzinda waukulu imaposa 5 peresenti ya mzinda waung'ono.

Kuti mumvetse kumene Lilongwe ikupita, onani kumene yachokera. Mu 1966 inali kaboma ka anthu 19,425, ochepa pang'ono kuyerekeza ndi a ku Zomba, pamene Blantyre inali kale ndi 109,461. Likulu la dziko litasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, kalembera wa 1977 anapeza anthu 98,718. Mu 1987 anali 223,318, mu 1998 anafika 440,471, ndipo mu 2008 Lilongwe inaposa Blantyre kwa nthawi yoyamba. Kusamuka kwa likulu sikunachitike tsiku limodzi. Anayamba ndi maunduna pa Capital Hill, kenako bwalo la ndege la ku Lumbadzi, mafakitale ndi msika wa fodya ku Kanengo, akazembe ndi mabungwe akunja, Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 2004 pulezidenti naye anakhazikika ku Lilongwe kusiya Sanjika. Chilichonse mwa zimenezi chinakoka antchito, ndipo wantchito aliyense anakoka wogulitsa makala, wometa, wa kabaza ndi mphwake wofuna sukulu.

Komabe m'manambala omwewa muli chinthu china chimene olosera ambiri amachidumpha. Liwiro la Lilongwe lakhala likutsika pa kalembera aliyense: kuposa 8 peresenti pa chaka pakati pa 1977 ndi 1987, kuposa 6 mpaka 1998, kuposa 4 mpaka 2008, ndiyeno 3.8. Mzinda ukamakula, peresenti imatsika, ngakhale anthu owonjezeka pa chaka akuchulukirachulukira. Aliyense amene angakuuzeni kuti 3.8 idzakhala yomweyo mpaka 2040 sanayang'ane mbiri imeneyi.

Anthu owonjezekawa akuchokera kuti? Timakonda kuganiza za mnyamata wotsika basi pa depoti ali ndi kachikwama kuchokera kumudzi. Alipo ndithu, makamaka ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Koma gawo lalikulu la kukula kwa mizinda yathu likubadwira momwemo, ku Bwaila, ku Queens, ku Mapale ndi m'zipatala zazing'ono za m'makomboni. Theka la Amalawi mu 2018 linali la zaka zosakwana 18. Ana amene adzafune nyumba zawo mu 2035 anabadwa kale, ali m'kalasi lero. N'chifukwa chake tinganene mosakayika kuti mizinda yonse inayi idzakula pa zaka 15 kapena 20 zikubwerazi. Chokayikitsa ndi liwiro lokha.

Chimene chikubweza liwirolo ndi kuchepa kwa ana pa banja. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anapeza kuti mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana 6.7 tikagawa mofanana, mu 2010 ana 5.7, ndipo mu 2015 ndi 2016 ana 4.4. M'tauni nambalayi inali itatsika kale kufika pa 3.0. Kulera, atsikana kukhalitsa pa sukulu, komanso mtengo wa lendi ndi fizi, zonsezi zikugwira ntchito. Kwa inu womanga, tanthauzo lake n'lakuti mabanja adzachuluka koma banja lililonse lidzakhala laling'ono.

Tsopano nkhani ya Blantyre, imene ikufunika kudekha. Kalembera amawerenga munthu kumene amagona, osati kumene amagwira ntchito, ndipo amatsata malire a khonsolo ya mzinda. Mzinda wa Blantyre wazunguliridwa ndi mapiri: Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe, Mpingwe. Malo osalala m'kati mwa malire ndi ochepa, ndipo ambiri ali kale ndi eni ake. Banja latsopano lofuna poloti limatuluka: kulowera ku Chileka, ku Lunzu, ku Mpemba, ku Njuli m'boma la Chiradzulu, ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Imani m'mbali mwa msewu wa ku Chileka kapena wa ku Lunzu cha m'ma 6 koloko m'mawa muone maminibasi odzaza akulowa m'tauni. Anthu amenewo amagula ku Limbe, amadwalira ku Queens, ana awo ena amaphunzira m'tauni, koma ambiri mwa iwo m'buku la kalembera ndi anthu a kumudzi. Choncho 2.0 peresenti ija ikunena za m'kati mwa malire basi. Ndi zoona kuti Blantyre sikukokanso anthu ngati kale, mafakitale ake sakulemba ntchito mmene ankachitira, ndipo boma linasamuka. Koma malikulu a makampani ambiri, msika wa masheya, Khoti Lalikulu la Apilo, MRA, ESCOM ndi mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS zidakali komweko. Mzinda wotere sungatchedwe wakufa.

Ku Lilongwe nakonso kusefukira kumeneku kulipo, mwinanso kuposa. Dzikolo ndi lachigwa, palibe phiri lotchinga, ndiye mzinda ukungotambasuka: njira ya ku Mchinji kudutsa Njewa mpaka Chitedze, njira ya ku Likuni ndi Chigwirizano, njira ya ku Bunda, njira ya ku Dedza kulowera ku Nanjiri, ndi kumpoto cha ku Lumbadzi. Minda ya chimanga ya dzana lero ndi maziko ndi mauvuni a njerwa. Ena mwa malowa ali kunja kwa malire a khonsolo, pansi pa mafumu, ndipo anthu ake sali m'gulu la 989,318 lija.

Kawerengedwe kolosera si kovuta, mungathe kukachita pa foni. Tengani chiwerengero cha 2018, muchulukitse ndi 1 wophatikiza liwiro la pa chaka, kamodzi pa chaka chilichonse. Kwa Lilongwe, 989,318 kuchulukitsa ndi 1.038 kukupatsani 1,026,912, ndiye kuti mzindawu unadutsa miliyoni imodzi cha mu 2019. Yankholo mulichulukitsenso ndi 1.038, n'kumabwereza. Maulendo 12 akufikitsani mu 2030, maulendo 22 mu 2040. Njira yachidule yodziwira zaka zimene mzinda ungatenge kuti uwirikize kawiri ndi kugawa 70 ndi liwiro lake: Mzuzu zaka 13, Lilongwe 18, Zomba 28, Blantyre 35.

Musawerenge kamodzi kokha. Werengani ndi liwiro la kale, muwerengenso ndi liwiro lotsikirapo, ndipo mugwire manambala onse awiri. Ndikatero, ndikupeza izi, ndipo dziwani kuti ndi masamu ochokera pa kalembera wa 2018, si kuwerenga kwatsopano. Lilongwe ikapitiriza pa 3.8 idzakhala ndi anthu pafupifupi 1.55 miliyoni mu 2030 ndi 2.25 miliyoni mu 2040. Ikatsikira pa 3.0 idzakhala ndi 1.4 miliyoni mu 2030 ndi 1.9 miliyoni mu 2040. Poona mmene liwiro lakhala likutsikira, ine ndingatsamire ku nambala yachiwiriyi pa za m'kati mwa malire, n'kukumbukira kuti otsalawo adzakhala ali kunja kwa malire koma akudalirabe mzinda womwewo. Blantyre pa 2.0 ikufika miliyoni imodzi cha m'ma 2029 kapena 2030, ndi 1.24 miliyoni mu 2040. Mzuzu pa 5.4 ikufika 416,000 mu 2030 ndi 700,000 mu 2040, koma pa 4.0 ikufika 354,000 ndi 524,000. Zomba pa 2.5 ikufika 141,000 ndi 181,000.

Nanga Mzuzu kuposa Blantyre? Ngakhale titalola kuti Mzuzu ithamange pa 5.4 osatopa, Blantyre n'kumayenda pa 2.0 osasintha, ziwirizi zingakumane patatha zaka pafupifupi 39 kuchokera mu 2018, cha m'ma 2057. Ndipo Lilongwe yeniyeniyo, ndi mphamvu zonse za boma kumbuyo kwake, liwiro lake linatsika pansi pa 5.4 kuchokera mu 1998. Mzuzu ikukula chifukwa ndi mzinda umodzi wokha m'chigawo chonse cha kumpoto. Wa ku Chitipa, wa ku Rumphi, wa ku Nkhata Bay, wa ku Mzimba akafuna chipatala chachikulu, yunivesite, banki kapena katundu wa ku Tanzania, amathera pomwepo. Malo amene anayamba ngati esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung m'zaka za m'ma 1940 anali ndi anthu 16,108 okha mu 1977, n'kukhala mzinda mu 1985. Koma kumpoto ndi chigawo cha anthu ochepa, pafupifupi 13 pa 100 alionse m'dziko muno, ndiye chitsime chimene Mzuzu ikutungamo chili ndi polekezera. Idzakula kwambiri, mwina kuwirikiza kawiri m'zaka za m'ma 2030, koma idzakhalabe yachitatu.

Za Zomba palibe zambiri. Ndi mzinda wa yunivesite, asilikali, apolisi, ndende ndi maofesi ochepa a boma. Kufunika kwa nyumba kumeneko kumatsata kalendala ya ophunzira, makamaka ku Chikanda ndi madera oyandikana ndi yunivesite ya Malawi, imene kale inkatchedwa Chancellor College. Koleji ikatseka, zipinda zimakhala zopanda anthu.

Zolosera zimaphonya pa zifukwa zodziwika. Choyamba ndi kuwonjezera nambala yofanana chaka chilichonse. Mukamangoika 32,000 pa chaka ku Lilongwe mupeza 1.37 miliyoni mu 2030, kutsalira ndi anthu pafupifupi 180,000 poyerekeza ndi masamu a 3.8, chifukwa obwera ndi obadwa nawonso amabereka. China ndi kusakaniza manambala a mitundu iwiri. Kalembera amatha kuwerenga amene anagona pamalopo usiku wa kalembera, alendo omwe, kapena amene amakhala pamalopo nthawi zonse. N'chifukwa chake pa Mzuzu ya 2008 mupeza kwina alemba pafupifupi 134,000, kwina pafupifupi 128,000. Mukayambira pa yoyambayo liwiro likutuluka 4.9, pa yachiwiriyo 5.4. Kasiyanidwe kooneka kakang'onoka kakufika anthu 70,000 pofika 2040. Kusintha kwa malire nakonso kumasokoneza: khonsolo ikakuza malire ake, midzi yonse imalowa mumzinda tsiku limodzi popanda wina kusamuka, ndipo pa pepala zimaoneka ngati mzinda waphulika. Pomaliza pali zogwa mwadzidzidzi. Kalembera wa 1987 anawerenga dziko lili ndi othawa nkhondo ambiri a ku Mozambique, amene anabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992. M'zaka zomwezo Edzi inatenga anthu ambiri a m'tauni a msinkhu wogwira ntchito, mpaka ma ARV aulere atayamba mu 2004. Wolosera wa mu 1987 sakanaziona zonsezi. Choncho nambala ya 2030 mungaidalire ndithu, ya 2040 muigwire mosamala, ya 2060 ingokuuzani kolowera basi.

Madzi ndiwo adzasankhe madera okula bwino ndi madera ovutika. Anthu 32,000 owonjezeka pa chaka ku Lilongwe, aliyense atagwiritsa ntchito malita 50 okha pa tsiku, akufuna malita 1.6 miliyoni owonjezera tsiku lililonse, ndipo chaka chotsatira enanso otero. Apo sitinawerengere madzi otayika m'mapaipi ophulika ndi olumikizidwa mwakuba, amene m'mizinda iwiri ikuluikulu akhala akuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Lilongwe imadalira madamu awiri a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde, amene madzi ake amachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, yomwe ikutha ndi makala opita mumzinda womwewo. Ndiye chifukwa chake pali ntchito yokoka madzi ku nyanja kuchokera ku Salima. Blantyre imapopa madzi ake ambiri ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kuwakweza phiri ndi magetsi. Magetsi akazima, mipopi ya m'madera okwera imayamba kuuma. Paipi ya ku Likhubula ku Mulanje inathandizako mbali ya kum'mawa. Mzuzu ikudalirabe damu la Lunyangwa limene linamangidwa mzinda uli waung'ono, pamene Zomba ili pabwino ndi damu la Mulunguzi lotsetsereka lokha kuchokera kuphiri. Nyumba ya lendi yopanda madzi odalirika imasowa wokhalamo wokhazikika, ngakhale ikhale ya matailosi.

Tibwere ku penshoni yanu. Banja la ku Malawi mu 2018 linali ndi anthu 4.4 tikagawa mofanana. Ndiye kuti Lilongwe inkafuna nyumba zatsopano zoposa 7,000 pa chaka, Blantyre zoposa 3,000, Mzuzu pafupifupi 2,000. Malawi Housing Corporation, makhonsolo ndi Unduna wa za Malo sanafikepo pa nambala zoterezi, ndiye anthu amadzipezera okha. Oposa theka la okhala m'mizinda yathu ali m'madera osakonzedwa ngati Mtandire, Mgona, Chinsapo, Kauma, Ndirande, Mbayani, Masasa ndi Mchengautuwa. Ofuna nyumba ambiri ndi achinyamata ongoyamba banja, aphunzitsi, anamwino, alonda, ochita geni. Akufuna chipinda chimodzi kapena ziwiri ndi pabalaza, chimbudzi chabwino, mita yawoyawo ya magetsi, mpopi pabwalo, ndiponso mtunda woti akwere minibasi imodzi kukafika kuntchito. Nyumba zazing'ono zinayi pa poloti imodzi sizikhalitsa zopanda anthu, ndipo mmodzi akalephera kulipira, atatu akulipirabe. Chinyumba chimodzi cha zipinda zinayi chimadikira bwana amene akhoza kusowa miyezi ingapo.

Mizinda itatu ikuluikuluyi yonse ili ndi ofuna nyumba okwanira munthu mmodzi womanga nyumba zochepa. Kusiyana kwa 3.8 ndi 2.0 n'kofunika kwa a khonsolo ndi a Water Board, koma kwa inu chofunika kwambiri ndi dera ndi poloti yake, komanso mzinda umene muli ndi munthu wodalirika woyang'anira. Ngati palibe chokumangani kwina, m'mphepete mwa Lilongwe motsata misewu ya tala ndi mmene muli ofuna nyumba ochuluka ndipo mudzakhala choncho kwa nthawi yaitali. Komweko ndi kumenenso kuli chinyengo chambiri cha malo, chifukwa poloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu.

Musanapereke ndalama, pitani ku ofesi ya za malo ndi ku khonsolo mukafunse kuti malowo ndi a ndani ndipo mapulani akuti padzakhala chiyani. Kalata ya amfumu yokha siiteteza nyumba yomangidwa pa malo a msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM kapena pa malo a boma. Ngati ndi malo a makolo, kumanani ndi banja lonse, osati mwana mmodzi wofuna ndalama za njinga yamoto, ndipo mboni zisaine. Kaoneni malowo mu January kapena February mvula ili pakati, chifukwa dambo mu October limaoneka ngati mtunda. Funsani oyandikana nawo kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata. Pewani m'mbali mwa mitsinje ngati Lingadzi, Mudi ndi Likangala, ndiponso m'malo otsetsereka a m'mapiri. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ambiri mwa amene anafa kumeneko anamanga m'phiri chifukwa chosowa malo ena otsika mtengo. Ku Mzuzu, mvula ya mu April 2016 inagwetsa nyumba zambiri m'madambo ndi m'zitunda za m'makomboni. Kuchuluka kwa anthu kukukankhira osauka kumalo oopsa amenewa, ndipo poloti yotchipa modabwitsa kawirikawiri imakhala ili pamalo otero.

Musaiwalenso matauni apakati. Karonga, Kasungu ndi Mangochi anali ndi anthu pakati pa 50,000 ndi 62,000 lililonse mu 2018. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo boma linasankha malo asanu ndi atatu oti akhale mizinda yachiwiri: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Malo kumeneko ndi otsika mtengo, koma lendi nayonso ndi yotsika, ndipo pulani ya pa pepala siibweretsa anthu. Chimene chimabweretsa anthu ndi ntchito: fakitale, doko, njanji, koleji, chipatala. Mukaona zimenezi zikumangidwa ndi maso anu, pamenepo mungaganizire zogula.

Kalembera amachitika pakatha zaka khumi, ndiye wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Zotsatira zake zikadzatuluka, musadzangoyang'ana mzere wa mzinda. Mudzayang'anenso chiwerengero cha madera a mafumu ozungulira mzindawo, monga a T/A Njewa ndi Tsabango ku Lilongwe, kapena Kapeni, Machinjiri ndi Somba ku Blantyre, n'kuyerekeza ndi cha 2018. Dera limene lakula kuposa liwiro la dziko lonse ndi limene mzinda ukulowera, ndipo mudzabwerezenso masamu aja poyambira pa nambala zatsopanozo.